Kadyetsedwe ka nkhosa zisanakweredwe ndiponso m'nyengo yachisanu

Nkhosa imakhala ndi bere kwa miyezi isanu, pafupifupi masiku 147. Choncho mlimi wa kuno ku Zomba amene akufuna kuti nkhosa zake zidzaswe mu Disembala, msipu utaphuka, ayenera kulowetsa yamphongo m'khola la zazikazi mu Julayi. Bere lonselo lidzadutsa m'miyezi ya chisanu ndi chilimwe, pamene udzu wauma, ndiye chakudya chake chiyenera kusonkhanitsidwa nthawi yokolola.

Mu Epulo ndi Meyi musatenthe zotsalira za m'munda. Masamba a mtedza ndi amene ndimawaika patsogolo, koma muwaumitse pamthunzi kuti asataye kubiriwira kwake, kenaka muwasanjike pathandala pomwe chiswe ndi chinyezi cha chiperoni sizingawafike. Mapesi a chimanga amadzaza mimba chabe, motero muziwadula timizidutswa n'kusakaniza ndi masambawo. Makoko a nandolo adzakuthandizani kuyambira mu Ogasiti.

Kutatsala milungu itatu kuti yamphongo ilowe, gwirani nkhosa iliyonse pamsana, kuseri kwa nthiti. Ngati fupa la msana likubaya chikhato ndipo mchira wafota, nkhosayo yaonda, ngakhale ubweya ukubisa. Yoteroyo ipatseni madeya, kuyambira dzanja limodzi patsiku mpaka kufika magalamu 250, ndipo mupitirize kwa milungu itatu yamphongo italowa. Nkhosa imene thupi lake likukwera pa nthawi yokweredwa imatenga bere msanga, ndipo mwayi wa mapasa umakula. Yonenepa kale sifunika zimenezi. Madeya musawachulutse mwadzidzidzi, chifukwa amasasitsa m'mimba ndipo nkhosa ikhoza kufa, komanso a nkhungu muwataye. Yamphongo nayonso idye bwino, poti ikayamba ntchito imaiwala kudya.

Pakati pa bere, udzu wouma, masamba a mtedza, mchere ndi madzi oyera zikwanira. Masamba a lukina ndi abwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya. Chakudya cha nkhumba musazipatse konse, popeza chimakhala ndi kopa wambiri amene amawononga chiwindi cha nkhosa. Khola likhale louma pansi, ndipo mbali yochokera mphepo muitchinge ndi udzu.

Milungu isanu ndi umodzi yomaliza ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwana amakula mofulumira m'mimba mu Novembala, pamene kubusa kwatsala fumbi lokhalokha. Apa bwezerani madeya pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo, ndipo mtolo wabwino koposa wa masamba a mtedza mukhale mutausungira nthawi imeneyi. Mukaona nkhosa yabere ikutsalira m'mbuyo, ikukana kudya kapena ikuyenda ngati yosaona, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Amene mumadyetsera m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa mumufunsenso za mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi.