Momwe mungasankhire chofukizira lubani chamkuwa cha ku China osapusitsidwa

Mukalowa m'sitolo ya zinthu zakale ku London kapena ku Johannesburg, kapena mukamaona katundu wa pa okushoni pa intaneti, mudzakumana nako kamphika kamkuwa ka miyendo itatu, kokwana m'manja awiri koma kolemera modabwitsa. Mukakatembenuza mupeza zilembo zisanu ndi chimodzi za Chitchaina kunsi kwake, ndipo wogulitsa adzati ndi ka mfumu Xuande. Musafulumire kupisa m'thumba.

Yambani ndi zilembozo. Zimanena kuti chinthucho chinapangidwa m'nthawi ya Xuande wa ufumu wa Ming, amene analamulira kuyambira 1426 mpaka 1435. Mbiri imati mu 1428 mfumuyi inalamula amisiri kupanga zofukizira za kunyumba yachifumu ndi za m'makachisi. Zinatchuka kwambiri moti amisiri obwera pambuyo pake anapitiriza kuika dzina lomwelo pa ntchito zawo, mpaka lero lino. Choncho dzinalo si umboni wa zaka. Zambiri zabwino zimene anthu amasunga ndi za m'ma 1600 ndi 1700, ndipo sizochititsa manyazi ayi. Zina mwa izo n'zokongola zedi. Choopsa ndi chopangidwa dzana n'kuchipaka mankhwala kuti chioneke chokalamba.

Kenako chinyamuleni. Chabwino chimakoka dzanja, chifukwa mkuwa wake ndi wochindikala, makamaka kunsi. Yendetsani chala m'milomo ndi m'zogwirira: pasakhale pokanda kapena mzere wotsala pamene panakumana chikombole. Onani kunsi kwa miyendo, pamene chakhala chikukhudza tebulo kwa zaka zambiri. Kutha kwenikweni kumakhala kosalala, pomwe kochita kupala ndi sandipepa kumasiya timizere toyang'ana mbali imodzi. Ndimayenda ndi kamaginito m'thumba. Mkuwa sugwira maginito, ndiye kakamata dziwani kuti m'kati muli chitsulo.

Apa ndiye pofunika kudekha: khungu lake. Anthu okonda zofukizirazi ku China amatchula mtundu wa pamwamba kuti khungu, ndipo ndi limene amalipirira ndalama zambiri. Lina ndi lofiirira ngati khofi wokazinga, lina lachikasu chodera, lina lili ndi madontho a golide ngati munthu anachita kuwaza. Tulukani nacho panja, pa dzuwa. Khungu lakale limaoneka ngati lalowa m'mkuwa momwemo, limapepuka m'malo ogwiridwagwiridwa n'kuda m'makona. Latsopano limangokhala pamwamba ngati penti, lofanana paliponse, nthawi zina n'kumanunkha mankhwala. Mukatero bwererani ku zilembo zija ndi tochi: za mmisiri waluso zimakhala zakuthwa ndi zoima bwino m'kabokosi kake, osati zofufuma ngati zasungunuka.

Dzina si la Xuande lokha. Mudzaona la Hu Wenming, mmisiri wa chakumapeto kwa ufumu wa Ming wodziwika ndi zokongoletsa za golide, ndi la mmisiri wina, Shisou, pa zofukizira zolowetsedwa timawaya ta siliva. Ziliponso zolembedwa Chiarabu zokhala ndi dzina la mfumu Zhengde. Mayina onsewa anakoperedwa kwambiri. Zakale kwenikweni, monga chofukizira chooneka ngati phiri chimene anachifukula mu 1968 m'manda a kalonga Liu Sheng ku Mancheng m'dziko la China, n'zokaonera kumalo osungira zinthu zakale. Wina akakutsatsani chotere pamtengo wa njinga, muthokozeni muzipita.

Musanalipire, funsani kumene chachokera ndipo pemphani malisiti akale kapena kabuku ka okushoni kamene chinalembedwamo. Inu amene mumapita ku Guangzhou kukaoda katundu, dziwani kuti malamulo a China saloleza kutulutsa m'dzikomo zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1911. Chimene akugulitsani momasuka pamsika kuti mukwere nacho ndege, mwina n'chatsopano, apo ayi chikakuikani m'mavuto pabwalo la ndege.

Mukafika nacho kunyumba, chonde musachikweche. Ife tinakula tikukwecha mapoto ndi mchenga mpaka awale ngati galasi, ndipo dzanja limayabwa tikaona mkuwa wakuda. Mukatero mwachotsa m'mphindi khumi khungu limene linatenga zaka mazana, ndipo mtengo wagwa nalo limodzi. Uzaninso onse a pakhomo. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma basi. Chisungeni pouma, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo mukaona timadontho tobiriwira totuwa tofumbutuka ngati ufa, ameneyo ndi matenda a mkuwa amene amakula ndi chinyezi. Pitani nacho kwa katswiri wokonza zinthu zakale.

Pomaliza, chigwiritseni ntchito. Thiranimo phulusa losefa bwino kupitirira theka, kwirirani kakhala kamoto pakati, ndipo pamwamba pa phulusa lofundalo ikani kachidutswa ka mtengo wonunkhira kapena lubani, kasakhudze moto. Pakapita mphindi zingapo mkuwa umafunda wonse mpaka m'miyendo, ndipo mukaufumbata m'manja mudzaona khungu lija likunyezimira pang'ono ngati lapakidwa mafuta.