Kusanthula nkhani yopeka: yambani ndi mkangano

Ophunzira ambiri a Fomu 4 akauzidwa kuti asanthule nkhani, amangoibwereza kuchokera pachiyambi mpaka pamathero. Pokonzekera mayeso a MSCE chizolowezi chimenechi chithe, chifukwa funso limafuna zipangizo zomwe mlembi wamangira nkhaniyo.

Werengani nkhaniyo kawiri. Ulendo woyamba musalembe kanthu. Wachiwiri tengani pensulo ndipo mudzifunse: mpangankhani wamkulu (munthu yemwe nkhaniyo yatsamira pa iye) akufuna chiyani, nanga chikumutsekereza n'chiyani? Yankho lake ndiye mkangano. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Mtandire akufuna kubwerera kusukulu, koma amalume ake akumuumiriza kugulitsa mandasi padepoti. Mkanganowo uli pakati pa anthu awiri, komanso uli mumtima mwa mtsikanayo, poti akudziwa kuti mandasiwo ndiwo akudyetsa azing'ono ake. Mkangano wamumtimawu ambiri sauona, chonsecho nkhani yabwino imagona pamenepo.

Kenako lembani tsatanetsatane wa nkhani m'ziganizo zosaposa 6. Chiganizo chilichonse chilumikizane ndi chinzake ndi mawu oti "chifukwa cha ichi". Chochitika chomwe chikukana kulumikizika chotero n'chokometsera chabe, chisiyeni. Pampondachimera ndi pamene mkangano wafika poti sungabwererenso m'mbuyo, monga tsiku lomwe mtsikana uja wasiya beseni la mandasi n'kulunjika kwa aphunzitsi aakulu.

Ponena za khalidwe la mpangankhani, musangoti "ndi wouma mtima". Perekani umboni: wachita chiyani, wayankhula zotani, anzake akumunena bwanji. Malo ndi nthawi nazo zili ndi ntchito. Nkhani yomweyi itachitikira ku Area 10, kwa anthu ochita bwino, mkangano wa sukulu ndi mandasi sukanamveka chimodzimodzi.

Chenjerani ndi wofotokoza nkhani. Akamati "ndinapita", woyankhulayo ndi mpangankhani, osati mlembi, ndipo amangotiuza zomwe iye waona. Akhozanso kudzikometsera. Akamati "anapita", onani ngati akudziwa za mumtima mwa aliyense kapena mwa mmodzi yekha.

Mfundo yaikulu ibwere pomaliza, ndipo musaisokoneze ndi phunziro. "Umphawi umalanda ana ufulu wophunzira" ndi mfundo yaikulu, pomwe "makolo azitumiza ana kusukulu" ndi phunziro. Mukatchula mfundo, ichirikizeni ndi zochitika ziwiri za m'nkhanimo, ndipo ngati mlembi wagwiritsa ntchito mwambi kapena chining'a pamalopo, fotokozani chomwe chawonjezera.