Kusunga Ndalama ndi Kuthana ndi Ngongole Pamene Muli Kunja kwa Malawi

Munthu wogwira ntchito kunja amadyetsa makomo awiri ndi malipiro amodzi. Khomo loyamba ndi chipinda chimene amagonamo ku Johannesburg, ku Durban, ku Manchester kapena ku Dublin, chimene chimafuna lendi, magetsi, chakudya ndi ndalama yoyendera. Khomo lachiwiri ndi kumudzi, kumene makolo, ana ndi abale amadalira iyeyo pa fizi, feteleza, mankhwala ndi maliro. Ngongole zambiri za Amalawi okhala kunja zimayamba pamene zofuna za makomo awiriwa zakumana m'mwezi umodzi popanda dongosolo. Foni imalira kuti mayi agonekedwa m'chipatala, ndalama ya lendi imatumizidwa tsiku lomwelo, ndipo pofika tsiku lolipira nyumba munthu amapezeka ali pakhomo pa wakatapila. Pa chifukwa chimenechi, bajeti ya munthu wokhala kunja iyenera kuwerengera za kumudzi kuyambira pachiyambi, ndi ndalama yodziwika kuchuluka kwake, monga momwe imawerengera lendi.

Ntchito yoyamba ndi kudziwa kumene ndalama zanu zikupita. Tengani kope laling'ono kapena lembani mufoni, ndipo kwa mwezi wathunthu musasiye chilichonse chimene mwatulutsira ndalama, ngakhale chikhale buledi, mayunitsi kapena ndalama ya takisi. Musasinthe kagulidwe kanu m'mwezi umenewu, chifukwa mukufuna kuona mmene zinthu zililidi. Aliyense amadziwa lendi yake pamtima, koma ndi ochepa amene angatchule ndalama zimene zimathera ku mabandulo a intaneti ogula tsiku ndi tsiku, chakudya chogula panthawi ya nkhomaliro, mowa wa Lachisanu ndi kubetcha mpira. Mukaphatikiza zimenezi pakutha pa mwezi, mudzaona kuti ndalama imene mumati mulibe yobwezera ngongole kawirikawiri imakhala ilipo, kungoti imatuluka pang'onopang'ono.

Tiyeni titenge chitsanzo cha ku South Africa, kumene kuli Amalawi ambiri. Kuyambira m'mwezi wa Marichi 2025, malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma anali R28.79 pa ola, ndipo ogwira ntchito zam'nyumba nawonso amawerengeredwa pamlingo womwewo. Pa mlingo umenewo, munthu wogwira maola 45 pa sabata ankalandira pafupifupi R5,600 pamwezi, ndipo analipo ena amene ankalandira zosafika pamenepa. Ndalama imeneyi ikasinthidwa kukhala makwacha imamveka yochuluka kwambiri m'makutu a anthu a kumudzi, chifukwa iwo saona lendi, takisi ya m'mawa ndi madzulo, ndi mtengo wa ufa kumene inu muli. Ndikukulimbikitsani kuti muwauze zoona. Kubisa malipiro kapena kudzionetsa ngati zinthu zikuyenda bwino kwambiri, kudzera m'zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp, kumachulukitsa opempha, ndipo kumakusowetsani poyambira tsiku limene mudzafune kukana.

Tsiku lolandira malipiro, gawani ndalama zonse musanagule kanthu. Lendi, mayendedwe opita ku ntchito ndi chakudya cha mwezi zibwere poyamba, pakuti mukathamangitsidwa m'nyumba kapena kulephera kufika ku ntchito, makomo onse awiri agona ndi njala. Kenako patulani ndalama yobwezera ngongole, ndalama yosungira zadzidzidzi ngakhale ikhale yochepa, ndi ndalama ya kumudzi. Amene amalandira ndalama pamanja angathe kuika gawo lililonse mu envulopu yakeyake yolembedwa dzina, ndipo ndalama ya chakudya aigawe m'masabata anayi kuti isathe pakati pa mwezi. Kugula ufa, mafuta ophikira, shuga ndi sopo kamodzi pamwezi mogwirizana ndi anzanu okhala nawo nyumba imodzi, ndiponso kunyamula chakudya chophika kunyumba popita ku ntchito, kumapulumutsa ndalama yooneka.

Nkhani ya kumudzi ndiyo yovuta kuposa zonse, chifukwa imakhudza mtima. Palibe amene amafuna kutchedwa wouma mtima kapena woiwala kwawo. Komabe thandizo lodalirika ndi lija limene limabwera nthawi yake mwezi ndi mwezi, ngakhale likhale lochepa, osati lija limene limabwera lambiri lero kenako n'kusowa miyezi itatu chifukwa wotumizayo akulimbana ndi ngongole. Gwirizanani ndi banja lanu za kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lotumizira, ndipo sankhani munthu mmodzi wokhulupirika woti azilandira ndi kukufotokozerani mmene yagwirira ntchito. Ena akakupemphani mwapadera, muwayankhe mwaulemu kuti zonse zimadzera kwa uje. Ngati muli ndi abale ena amene ali pa ntchito, kaya kunja kaya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kambiranani kuti aliyense atenge mbali yake.

Zofuna zambiri za kumudzi zimene timazitcha zadzidzidzi zimadziwika nyengo yake. Feteleza ndi mbewu zimafunika mvula isanagwe, cha m'ma Okutobala ndi Novembala. Fizi ndi yunifolomu zimafunika kumayambiriro kwa teremu iliyonse. Njala imavuta kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chimakwera mtengo, pomwe nthawi yokolola chimatsika. Munthu amene wapatula kangachepe mwezi uliwonse kuyambira Januwale sakongola ndalama ya feteleza mu Novembala, ndipo amene watumiza ndalama yogulira matumba a chimanga ndi mankhwala osungira nthawi yokolola salira ndi mitengo ya m'nyengo ya njala.

Tsopano tibwere ku ngongole zimene muli nazo kale. Lembani zonse patsamba limodzi: mwini ndalama, ndalama yotsala, chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza. Musaiwale ngongole ya transipota amene anakubweretsani kuti mudzalipire mukapeza ntchito, ngongole imene munatenga ku banki m'khonde kapena kwa achibale pokonza pasipoti ndi ulendo, akaunti ya kusitolo ya zovala, ndi foni yogula molipira pang'onopang'ono. Anthu ambiri amaopa kuphatikiza ngongole zawo, koma munthu sangakonze dongosolo lobweza ndalama imene sakuidziwa kuchuluka kwake.

Ngongole ya katapila, imene ku South Africa imatengedwa kwa anthu otchedwa mashonisa, ndiyo yoyenera kuyamba kuthetsedwa. Tiyerekeze kuti mwakongola R1,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi. Pakutha pa mwezi mukufunika kubweza R1,500, koma chifukwa ndalama yachepa mumangopereka R500 ya chiwongoladzanja. Mukachita zimenezi kwa miyezi 6, mwapereka R3,000 ndipo R1,000 ija idakalipo yonse. Choncho perekani ndalama yochepetsetsa yofunika pa ngongole zinazo, ndipo ndalama iliyonse yotsala, kuphatikizapo ya ganyu ya Loweruka ndi ya maola owonjezera, ipite kukachepetsa ndalama yeniyeni imene munakongola kwa wakatapila. Nthawi iliyonse imene mwapereka, lembani tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo ngati n'kotheka pakhale mboni kapena uthenga wa pafoni wotsimikizira. Ngongole imeneyi ikatha, ndalama imene inkapita kumeneko muiwonjezere pa ngongole yotsatira ya chiwongoladzanja chachikulu, mpaka tsamba lonse litayera. M'miyezi imeneyi ndi bwino kuchepetsa ndalama ya kumudzi mowauza chifukwa chake, kusiyana ndi kukongola kwina kuti muoneke ngati zonse zili bwino.

Ndi bwinonso kudziwa zimene malamulo akunena. Ku South Africa kuli lamulo la ngongole lotchedwa National Credit Act la chaka cha 2005, ndipo bungwe loyang'anira obwereketsa ndalama ndi National Credit Regulator. Lamuloli limaletsa wobwereketsa kusunga chiphaso chanu, khadi lanu la ku banki kapena nambala yanu yachinsinsi ngati chikole. Pa ngongole zazing'ono za nthawi yochepa, zosapitirira R8,000 ndi miyezi 6, chiwongoladzanja chovomerezeka sichipitirira 5 peresenti pamwezi pa ngongole yoyamba, ngakhale kuti pamakhalanso ndalama zina zolipira poyendetsa ngongoleyo. Yerekezani mlingo umenewu ndi wa wakatapila. Amene alibe zikalata zokwanira amaopa kukadandaula kwa akuluakulu a boma, ndipo mantha amenewa ndi omveka. N'chifukwa chake ndikunenetsa kuti pasipoti yanu musaipereke m'manja mwa wobwereketsa aliyense, ngakhale akhale Mmalawi mnzanu. Amene ngongole zawo za ku banki ndi za m'masitolo zawakulira angathe kupita kwa mlangizi wa ngongole wolembetsedwa ku bungwe lija, amene amakambirana ndi eni ndalama kuti zobweza za pamwezi zichepe, koma adziwe kuti pa nthawi imeneyo saloledwa kutenga ngongole ina.

Ku United Kingdom, mabungwe a StepChange, Citizens Advice ndi National Debtline amapereka uphungu wa ngongole kwaulere, ndipo ku Ireland ntchito yomweyo imagwiridwa ndi bungwe la Money Advice and Budgeting Service (MABS). Alangizi a ku United Kingdom amauza anthu kuti ayambe ndi ngongole zimene zotsatira zake ndi zoopsa, monga lendi, magetsi ndi msonkho wa khonsolo, asanafike ku makhadi a ngongole. Makalata ochokera kwa eni ndalama musawasunge osatsegula, chifukwa kuyankha msanga kumapereka mpata wogwirizana za kabwezedwe nkhani isanafike ku khoti.

Ngongole ya mnzanu kapena m'bale ilibe chiwongoladzanja, koma ikachedwa imawononga ubale umene mudzaufune tsiku la mavuto. Musamuthawe kapena kusiya kuyankha foni yake. Muuzeni zimene mungakwanitse pamwezi, ndipo muzikwaniritse.

Potumiza ndalama kumudzi, yang'anani zinthu ziwiri: ndalama yolipira potumiza ndi mlingo wosinthira. Kampani ina imalipiritsa zochepa koma n'kupereka makwacha ochepa pa randi kapena paundi iliyonse, choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti wolandira apeza makwacha angati m'manja. Kafukufuku wa World Bank wakhala akusonyeza kuti kutumiza ndalama kuchokera ku South Africa ndi kodula kuposa kuchokera ku maiko ena a m'gulu la G20 la maiko a chuma chachikulu, kotero kuyerekeza mitengo ya Mukuru, Hello Paisa, Mama Money, WorldRemit ndi ena kuli ndi phindu. Ambiri mwa makampaniwa amatha kutumiza ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Anthu ena amakopeka ndi mlingo wokwera wa osintha ndalama mwamseri, koma njira imeneyi ndi yosemphana ndi malamulo, ndipo ndalama ikasowa panjira mulibe lisiti kapena kokadandaula.

Ndalama ya zadzidzidzi iyambe ndi mlingo wokwanira lendi ya mwezi umodzi ndi tikiti yobwerera kumudzi, kenako muikulitse mpaka ikwane miyezi itatu ya zofunika pa moyo. Mu Epulo 2015, pamene nzika za maiko ena zinkachitiridwa nkhanza ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo ambiri anabwerera chimanjamanja atasiya katundu wawo. Ndalama yosungidwa pansi pa matiresi imatha kubedwa, kupsa kapena kutsala m'mbuyo pa nthawi ngati imeneyo, choncho amene angathe kutsegula akaunti atsegule, ndipo khadi la akaunti yosungira lisayende m'thumba tsiku ndi tsiku. Lowaninso m'gulu la maliro kapena mutenge inshuwalansi imene imanena momveka bwino kuti imalipira kutumiza thupi ku Malawi, popeza mtengo wa ulendo umenewo waika mabanja ambiri m'ngongole.

Chipereganyu, chimene ku South Africa amachitcha stokvel, chimathandiza anthu amene zimawavuta kusunga paokha. Lowani ndi anthu amene mumadziwa kumene amakhala ndi kumene amagwira ntchito, malamulo ake alembedwe, ndipo zopereka za pamwezi zikhale zimene mungakwanitse osakongola. Gulu limene likulonjeza kuchulukitsa ndalama zanu m'masabata ochepa, bola mubweretse anthu ena, si chipereganyu ayi, ndipo mulithawe.

Funso lina ndi lakuti ndalama ya m'tsogolo isungidwe kuti. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi mlingo woposa 30 peresenti. Makwacha ongokhala mu akaunti wamba amagula zinthu zochepa chaka chilichonse. Choncho ndalama imene simukuifuna msanga ndi bwino ikhale mu ndalama ya dziko limene mukukhala, kapena mufunse ku mabanki a ku Malawi za maakaunti a anthu okhala kunja, ndipo muitumize pamene chinthu chimene mukufuna kugula chakonzeka. Ngati mukumanga nyumba, yambani ngongole ya katapila itatha, ndipo mangani m'zigawo: maziko, zipupa, kenako denga. Chigawo chilichonse chikhale ndi mtengo wogwirizana ndi mmisiri musanatumize ndalama, malisiti a simenti ndi malata azijambulidwa n'kutumizidwa kwa inu, ndipo zikalata za malo zilembedwe m'dzina lanu njerwa yoyamba isanaikidwe.