Kusankha pakati pa 7mm Remington Magnum ndi .300 Winchester Magnum

Mlenje amene akufuna mfuti imodzi yoti aziphera nyama zikuluzikulu ali patali nthawi zambiri amaima pakati pa zipolopolo ziwiri za ku America zimene zinabadwa motsatizana. Kampani ya Remington inatulutsa 7mm Remington Magnum mu 1962 pamodzi ndi mfuti yake ya Model 700, ndipo chaka chotsatira, mu 1963, a Winchester anabweretsa .300 Winchester Magnum. Zigoba za zipolopolo zonse ziwirizi zinachokera ku .375 H&H Magnum ya mu 1912, n'chifukwa chake zonse zili ndi lamba wamng'ono kumunsi kwake, ndipo munthu akaziika pachikhatho amaona ngati n'zapachibale.

Musataye nthawi yambiri poyerekeza liwiro, chifukwa pamenepo palibe wopambana weniweni. Mutu wa chipolopolo cha 7mm wolemera ma grain 160, omwe ndi magalamu 10.4, umatuluka mumpope pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi, ndipo mutu wa .300 wolemera ma grain 180, omwe ndi magalamu 11.7, umathamanganso chimodzimodzi. Mukachuna mfuti kuti izilasa pakati penipeni pa mamita 200, zonse ziwiri zimatsika ndi masentimita pafupifupi 20 zikafika pa mamita 300. Kusiyana kwenikweni kuli pa kulemera ndi kunenepa kwa mutu: wa 7mm ndi mamilimita 7.2, wa .300 ndi mamilimita 7.8, ndipo .300 imatha kuponya mitu ya ma grain 200 kapena kuposerapo pamene ya 7mm yogulitsidwa m'masitolo imalekezera kawirikawiri pa 175.

Choyamba, lembani nyama zimene mudzasakedi, osati zimene mumangolota. Ngati ndi nswala, njiri, mbawala, ngoma kapena nyumbu, 7mm imakwanira popanda chikayiko, ndipo mutu wake wa ma grain 175, pokhala wautali ndi wowonda, umalowa mozama kwambiri komanso sukankhidwa msanga ndi mphepo. Koma ngati pamndandanda wanu pali ntchefu, yomwe yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 700, ine ndingakulangizeni .300 yokhala ndi mutu wa ma grain 200, pakuti fupa la phewa la nyama yotere silichitira chifundo chipolopolo chopepuka. Malamulo nawonso amalowererapo. Ku Zimbabwe, mwachitsanzo, wosaka ntchefu amafunika chipolopolo chosachepera mamilimita 7 komanso champhamvu yosachepera ma joule 4,300. Chipolopolo cha .300 cha ma grain 180 chimapereka ma joule pafupifupi 4,750, pamene cha 7mm cha ma grain 160 chimangofika cha m'ma 4,200, choncho chikhoza kuperewera pang'ono. Pa njati, njovu ndi mvuu musaganizeko n'komwe za ziwirizi, chifukwa kumeneko kumafunika .375 kapena ina yaikulu ngati imeneyo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, ndi phewa lanu. Mfuti ziwiri zikakhala zolemera mofanana, .300 imamenya paphewa mwamphamvu kuposa 7mm ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Papepala kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma thupi la munthu silimaiwala ululu, ndipo likamenyedwa kangapo limayamba kudziteteza lokha mwini wake asakudziwa: maso amatsinzina, phewa limapita kutsogolo, chala chimakoka mwadzidzidzi. Chipolopolo chimene chimayenera kulowa m'mapapo chimakathera m'mimba, ndipo nyama imathawira kutchire kukafa pang'onopang'ono ndi ululu. Chimenechi n'chinthu chimene mlenje aliyense waulemu ayenera kuchiopa kuposa kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Pali njira yosavuta yodziyesera musanatulutse ndalama. Bwerekani mfuti zonse ziwiri, pitani kumalo ovomerezeka ophunzirira kuombera, ndipo mupemphe mnzanu wodziwa mfuti kuti azikuikirani zipolopolo inu mutayang'ana kumbali. Nthawi zina aziika chenicheni, nthawi zina azitseka mfuti ilibe kanthu. Mukakoka ndipo mfuti n'kungoti "kwete" osalira, mnzanuyo ayang'anitsitse kamwa la mpope. Likakhala phee pamalo pake, mfutiyo mukuikwanitsa, koma likagwera pansi ngati nkhuku yojompha chimanga, dziwani kuti thupi lanu likuiopa kale, ngakhale pakamwa mutakana. Chitani zimenezi mutaombera kale zipolopolo khumi kapena kuposerapo, komanso mutagwada kapena mutatsamiritsa mfuti pandodo monga mmene mudzachitire kuuzimba, osati mutakhala patebulo pokha. Amene angadutse mayesowa ndi .300 aitenge ndi mtima wonse. Amene angagwetse pansi kamwa la mpope atenge 7mm, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Ena amathetsa vutoli poika muzzle brake, kachitsulo kokhala ndi mabowo otulutsira mpweya m'mbali, kumapeto kwa mpope. Imachepetsadi kumenya kwa mfuti, koma phokoso lake limawononga makutu a wolondola mapazi amene waima pambali panu, choncho ine ndimakonda mfuti yolemererapo pang'ono yokhala ndi mphira wofewa kumene imatsamira paphewa. Mpope usafupike kuposa mainchesi 24, chifukwa onga wambiri wa zipolopolozi umafuna malo okwanira kuti upse wonse, apo ayi mumangopeza phokoso ndi lawi la moto popanda liwiro limene munalipirira.

Fufuzaninso m'masitolo a kudera kumene mudzasake kuti muone zimene zimapezeka nthawi zonse, pakuti mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe. Mtundu wa mutu ndi wofunika kuposa dzina la pachigoba. Pa liwiro lotere mutu wofewa umatha kusweka pakhungu ndi pafupa nyama ikakhala pafupi, choncho sankhani wolimba monga Nosler Partition, Swift A-Frame kapena Barnes TSX, ndipo mukapeza umene mfuti yanu ikulasa nawo bwino, musausinthesinthe.

Ngati pamsasa pali alenje awiri, wina ndi 7mm wina ndi .300, sungani zipolopolo m'mabokosi osiyana. Popeza kumunsi kwa zigoba zake n'kofanana, chipolopolo cha 7mm chimatha kulowa mumfuti ya .300 n'kutsekeka, ndipo chikaphulika mmenemo chigoba chikhoza kung'ambika, mpweya wotentha n'kubwerera kumaso kwa woombera. Musanaike chipolopolo chilichonse, werengani zilembo zimene zili pansi pa chigoba ndi kuziyerekeza ndi zimene zinadindidwa pampope wa mfuti yanu.