Mmene mungawerengere zotsatira za kuyezetsa maantibodi a Covid-19

Ambiri a ife tinazolowera kuyezetsa HIV, kumene mizere iwiri pa kachipangizo imatanthauza kuti kachilombo kali m'thupi. Kachipangizo ka HIV kamafufuza maantibodi, ndipo popeza HIV sichoka mwa munthu, kupezeka kwa maantibodiwo mwa munthu wamkulu kumasonyeza kuti kachilombo kalipo. SARS-CoV-2, kachilombo koyambitsa Covid-19, n'kosiyana, chifukwa thupi limakagonjetsa pakatha masabata ochepa pamene maantibodi ake amatsalira kwa miyezi yambiri. Munthu wowerenga zotsatira za Covid-19 ngati za HIV amalakwitsa, ndipo kuti asalakwitse ayenera kudziwa kaye ntchito ya mtundu uliwonse wa maantibodi.

Maantibodi ndi mapuloteni amene maselo a chitetezo otchedwa B amapanga, ndipo ali m'mitundu isanu: IgM, IgG, IgA, IgD ndi IgE. Pa Covid-19 ofunika ndi atatu oyambawo. IgM ndiyo imene thupi limayamba kupanga likakumana ndi kachilombo kachilendo. Ndi yaikulu, yopangidwa ndi zigawo zisanu zolumikizana, choncho imagwira tizilombo tambiri nthawi imodzi, koma siikhalitsa, imachepa pakapita masabata angapo. IgG ndiyo yochuluka m'magazi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a maantibodi onse. Imagwira kachilombo mwamphamvu, imafika mpaka m'mapapo, imakhalitsa, ndipo ndi yokhayo imene imadutsa m'nsengwa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa. IgA imapezeka m'mamina, m'malovu, m'misozi ndi mu mkaka wa m'mawere. Tinganene kuti ndi mlonda wa pachipata, chifukwa imakumana ndi kachilombo m'mphuno ndi kukhosi kasanalowe mkati. N'zomvetsa chisoni kuti zipangizo zambiri zoyezera mwachangu siziiyeza n'komwe.

Choyamba, funsani kuti mwayezedwa chiyani. Ngati anakupisani kamtengo ka thonje m'mphuno, anafufuza kachilombo kenikeniko pogwiritsa ntchito PCR kapena antijeni, ndipo zimenezo ndizo zimauza ngati mukudwala panopa. Ngati anakubayani chala n'kutenga dontho la magazi, anafufuza maantibodi.

Kenako werengani masiku. Maantibodi amayamba kuoneka pakatha sabata imodzi mpaka atatu kuchokera pamene munthu anatenga kachilombo, kotero amene wayamba kutsokomola dzana akhoza kupezeka wopanda maantibodi pamene akupatsira anzake matenda. Pa matenda ambiri IgM imatsogola ndipo IgG imabwera pambuyo, koma pa Covid-19 ziwirizi kawirikawiri zimaoneka pafupifupi nthawi imodzi. Chifukwa cha zimenezi, IgM si yodalirika pofuna kudziwa tsiku limene munthu anadwala.

Pa kachipangizo koyezera maantibodi pamakhala zilembo zitatu: C, M yoimira IgM ndi G yoimira IgG. Yambani ndi C, chifukwa mzere umenewu ukapanda kuoneka ndiye kuti kachipangizo sikanagwire ntchito, ndipo zotsatirazo n'zotaya ngakhale mizere ina itaoneka. Werengani pa mphindi zimene zalembedwa pa kapepala ka m'bokosi, popeza mzere wotulukira mochedwa umasocheretsa. Mzere wa C wokha umatanthauza kuti maantibodi sanapezeke, mwina chifukwa munthuyo sanakumanepo ndi kachilombo, kapena wayezetsa msanga, kapena maantibodi ake atsika kwambiri. C ndi G zimasonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kachilombo kapena katemera m'mbuyomu. M ikaonekera limodzi ndi G, n'kutheka kuti zinachitika posachedwa. M yokha popanda G ndiyo yofunika kuikayikira, chifukwa IgM imatha kugwira zinthu zina zosakhudzana ndi Covid-19, ndipo ndi bwino kuyezetsanso pakatha masabata awiri.

Funso limene ambiri amaliiwala n'lakuti kachipangizoko kakufufuza maantibodi olimbana ndi gawo liti la kachilombo. SARS-CoV-2 ili ndi timinga kunja kwake, totchedwa spike kapena S, timene imagwirira pa puloteni ya ACE2 ya maselo athu kuti ilowe. Mkati mwake muli puloteni ina yotchedwa N. Katemera wa AstraZeneca, amene Malawi inayamba kupereka mu Marichi 2021, komanso wa Johnson & Johnson ndi wa Pfizer, amaphunzitsa thupi kuzindikira S yokha. Choncho munthu wobayidwa katemera ameneyu akapezeka ndi maantibodi a N, ndiye kuti anadwalapo Covid-19, mwina osadziwa. Akayezedwa ndi kachipangizo kofufuza N yokha n'kupezeka alibe, sizitanthauza kuti katemera sanagwire ntchito. Amene analandira Sinopharm, monga ambiri a ku Zimbabwe, nkhani yawo ndi ina, chifukwa katemerayo ndi kachilombo kathunthu kophedwa, ndipo amatha kubweretsa maantibodi a S komanso a N.

Musatenge mzere wa G ngati chitsimikizo chakuti simungadwalenso. Si maantibodi onse amene amatsekereza kachilombo kulowa m'maselo, ndipo kachipangizo ka dontho la magazi sikasiyanitsa otsekereza ndi ongogwira chabe. Kachilombonso kamasintha. Omicron, imene akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anaizindikira mu Novembala 2021, inali ndi timinga tosinthika kwambiri moti inadwalitsa anthu ambiri amene anali kale ndi IgG. Komanso katemera wobaya pa mkono amabweretsa IgG yambiri m'magazi koma IgA yochepa m'mphuno, n'chifukwa chake amateteza bwino ku matenda aakulu a m'mapapo kusiyana ndi chimfine chochepa.

Maantibodi akatsika musataye mtima, popeza maselo a B okumbukira ndi maselo ena a chitetezo otchedwa T amatsalira, ndipo kachilombo kakabweranso amayambiranso ntchito m'masiku ochepa. Ngati mukutentha thupi, kutsokomola kapena kubanika, pemphani kuyezedwa m'mphuno, ndipo kupuma kukavuta pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya mzere wa G unaoneka kapena ayi.