Momwe mungapezere dera limene power series ya z ndi w imachita converge

Za variable imodzi mukuzidziwa kale: mumapeza radius, mujambula bwalo, basi. Mukawonjezera variable yachiwiri, bwalo lija silikwaniranso, ndipo dera limatha kukhala lamaonekedwe achilendo.

Yambani ndi kulemba series yanu ngati kuphatikiza kwa c(j,k) z^j w^k, pomwe z ndi w ndi ma complex number. Kenako m'malo mwa z ndi w ikanimo r = |z| ndi s = |w|. Makona alibe ntchito pano, chifukwa deralo silisintha mukazungulitsa z payekha kapena w payekha. Madera otere amatchedwa ndi dzina la Karl Reinhardt, katswiri wa masamu wa ku Germany, amene anawalongosola mu 1921. Lemma ya Abel imati ma term akapanda kukula mopanda malire pa mfundo (a, b), series imachita converge mu polydisc (bwalo la z pamodzi ndi bwalo la w) yonse ya |z| < |a|, |w| < |b|. Sonkhanitsani ma polydisc onsewo, ndiye dera lanulo.

Tsono samalani ndi kasanjidwe ka ma term, chifukwa mpamene ntchito inandionongekera. Tengani 1/(1 − z − w). Mtima umafuna kuilemba ngati kuphatikiza kwa (z + w)^n, n'kunena kuti zonse zili bwino bola |z + w| < 1. Yesani z = 0.6 ndi w = −0.6. Kuphatikiza kwake ndi 0, ndiye zikuoneka zoyenda. Koma masulani mabulaketiwo muone term ya z^n w^n payokha: coefficient yake ndi binomial coefficient C(2n, n), imene imakula pafupifupi ngati 4^n, ndipo 4 kuchulukitsa ndi |zw| = 0.36 ndi 1.44. Ma term akukula, sakuchepa! Amangofafanizana chifukwa mwawamanga m'mitolo. Dera lenileni ndi |z| + |w| < 1, ndipo 0.6 kuphatikiza 0.6 ndi 1.2, kunja. Choncho ikani absolute value pa term iliyonse musanasonkhanitse chilichonse.

   

Kutsimikiza yankho n'kwachidule. Ikani x = log r, y = log s, mujambule. Chithunzicho chiyenera kukhala convex. Pa series ya z^k w^k mupeza x + y < 0, theka la pepala. Chikakhala ndi chibowo kapena chopindikira m'kati, bwererani.

Series itha kuchita converge pa mfundo zina za pa w = 0 zotulukira kunja kwa deralo, koma musaziwerengere, tengani za m'kati zokha. Kuti kuphatikizako ndi holomorphic (kuli ndi complex derivative paliponse) m'deramo n'zodziwikiratu. Ngati mukufuna njira yachidule, katswiri wa masamu Friedrich Hartogs anaonetsa mu 1906 kuti pofuna kudziwa ngati function ndi holomorphic, kuyesa z payekha ndi w payekha n'kokwanira.