Momwe mungakonzere mapu akamaoneka osokonekera mu Campaign Cartographer 3+

Anthu ojambula mapu a mayiko ongopeka, kaya a nthano zomwe akulemba kapena a masewera ngati Dungeons & Dragons, ambiri amathera pa Campaign Cartographer 3+ ya kampani ya ProFantasy ya ku Britain. Pulogalamuyi ndi yamphamvu, koma maziko ake ndi akale: inamangidwa pa pulogalamu yojambulira ya FastCAD, ndi ya 32-bit, ndipo kwawo ndi pa Windows. Nthawi zambiri mapu akamaoneka ngati awonongeka, fayilo yanu ya FCW, yomwe imasunga mapuwo, imakhala ili bwinobwino. Chasokonekera ndi kaonetsedwe chabe, ndiye musathamangire kufufuta zomwe mwavutikira usiku wonse.

Yambani ndi Ctrl+R. Pulogalamuyi siijambulanso sikirini yonse mukasuntha kapena kufufuta chinthu, n'chifukwa chake mumaona zotsalira za phiri lomwe mwachotsa kale, kapena mtsinje uli pamwamba pa mlatho. Ctrl+R imaijambulitsanso zonse m'dongosolo lake. Mavuto ambiri amathera pomwepa.

Zikakanika, tsegulani bokosi la Sheets and Effects (ma sheet ndi magawo osanjikizana omwe amapanga mapu, ma effect ndi zokometsera zake monga mithunzi) n'kuchotsa chichongi pa Activate Sheet Effects. Vuto likazimiririka, ndiye kuti lili mu ma effect. Likatsala, lili mu zojambulazo kapena m'mafayilo a zithunzi. Muli momwemo, onani ngati palibe sheet yobisidwa, ndipo kumbukirani kuti sheet yomwe ili pamwamba pa mndandanda ndi yomwe imajambulidwa koyamba, kutanthauza kuti pa mapu imakhala pansi pa zinzake. Mzinda ukasowa, kawirikawiri umakhala uli pa sheet yomwe yaphimbidwa ndi nthaka.

X wofiira pamalo pa mtengo kapena nyumba akutanthauza chinthu chimodzi: pulogalamu sikupeza chithunzi chomwe mapu akuitana. Mapu sasunga zithunzi m'kati mwake, amangosunga njira yopita kumene zili. Pitani pa Info, sankhani List, dinani chinthucho, muona dzina lake, kenako fufuzani njira ya chithunzi chake. Zithunzi za pulogalamuyi zimakhala mu C:\ProgramData\Profantasy\CC3Plus, ndipo chizindikiro cha @ kumayambiriro kwa njira chimaimira foda imeneyi, pomwe $ imaimira foda yomwe muli mapuwo. Njira ikayamba ndi D:\ kapena E:\, ndiye kuti mwina munatenga zithunzi pa fulashi, ndipo mukaizula zonse zimasanduka ma X. Zikopereni mu foda ya @ n'kuzilowetsanso kuchokera kumeneko. Ngati mapu mwapatsidwa ndi mnzanu amene ali ndi phukusi lowonjezera monga City Designer 3 kapena Dungeon Designer 3 pomwe inu mulibe, palibe chokonza, mukufunika phukusilo. Apa ndi pamene anyamata oika mapulogalamu m'malaputopu m'tauni amagwetsera anthu: amakupatsani pulogalamu yokha yothyoledwa, zithunzi zili theka, ndipo simungaikemo update. Bola kudikira, ProFantasy imatulutsa mapulogalamu ake pa tsamba logulitsira la Humble Bundle nthawi ndi nthawi pamtengo wotsika kwambiri. Mungokonzeka ndi bandulo yonenepa chifukwa zithunzizo ndi zolemera.

Tsopano vuto lomwe limazunguza mutu zenizeni. Mwajambula nkhalango kapena dambo pamwamba pa nthaka, mwayatsa ma effect, ndipo pakati pa dambolo patuluka timabowo tozungulira tambirimbiri ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Mukakulitsa mapu, timabowo timasamuka, tina kusowa, tina kutulukira kwina. Ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amatitcha transparency acne, ndipo n'zoona, timafanana ndi ziphuphu zakumaso.

Kuti mukonze, mvetsani kaye gwero lake. Pulogalamuyi ikafuna kudziwa pomwe pali m'mphepete mwa chojambula, imayerekeza kadontho kalikonse ka sheet yapamwamba ndi kadontho komwe kanali pamalo omwewo sheet imeneyo isanajambulidwe. Timadontho tiwiriti tikapezeka kuti n'tofanana ndendende mtundu, imaganiza kuti pamenepo simunajambulepo kanthu, ndiye kuti pali bowo. Kenako effect monga Edge Fade, Inner kapena Bevel imatenga kabowo ka dontho limodzi kaja ngati m'mphepete, n'kukafewetsa mozungulira mpaka kukula koonekera ndi maso. N'chifukwa chake vutoli limakonda udzu wobiriwira woikidwa pa udzu wina wobiriwira, kapena mchenga pa dothi lofiirira. Ndipo n'chifukwa chake timabowo timasamuka mukasintha kukula kwa mapu: timadontho timawerengedwanso mwatsopano.

Kuika driver yatsopano sikuthandiza apa, ngakhale kugula RAM. Mankhwala ake ndi kulekanitsa mitundu iwiriyo kuti isakhudzane. Pangani sheet yatsopano, mwachitsanzo DAMBO PANSI, n'kuisuntha pa mndandanda kuti ikhale pamwamba penipeni pa sheet ya dambolo, kuti pa mapu igone pansi pake. Koperani chojambula cha dambocho n'kuchiika pa sheet yatsopanoyo, osachisuntha ngakhale pang'ono. Ndi Change Properties, sinthani fill yake, kutanthauza chodzaza m'kati mwake, ikhale Solid, ndipo musankhe mtundu womwe mulibiretu m'chithunzi chapamwambacho. Pinki wowala amagwira bwino pansi pa zobiriwira. Samalani chimodzi: mtundu nambala 6, womwenso ndi pinki wowala, ndi womwe effect ya Color Key imaboola nawo mwachizolowezi, ndiye musauike pa sheet yomwe ili ndi effect imeneyo.

Apa pali msampha wina. Dambo lapamwamba likuzimiririka m'mphepete, ndiye pinki uja amasuzumira mozungulira ngati malaya am'kati. Ipatseninso sheet yapansiyo Edge Fade, Inner yakeyake, koma Edge Width yake ikhale yaikulu kuposa yapamwamba. Yambani ndi kuwonjezera theka: yapamwamba ikakhala 10, yapansi ikhale 15, dinani Ctrl+R, muone. Pinki akaonekabe onjezerani pang'onopang'ono. Mukapyola muyeso timabowo timabwereranso cha m'mphepete, choncho ndi ntchito yoyesa kangapo. Njira yachidule ilipo, kungosintha udzu wapamwamba n'kutenga wakuda kapena wowala kwambiri kuposa wapansi, ndipo pa mapu aang'ono imakwanira. Pa mapu oti mukasindikize, pangani sheet ija basi.

Ngati mithunzi ndi kuwala kwa m'mphepete mwa nyanja zikukula kapena kuchepa mukamayandikira, tsegulani effect imeneyo muone muyeso wake. Ikakhala pa Percent of View Width imatsatira sikirini. Isintheni ikhale pa Map Units, kenako lembaninso manambala chifukwa tanthauzo lake lasintha.

Zithunzi zosaoneka bwino, zangati zapakidwa mafuta, n'chifukwa chakuti chithunzi chilichonse chili ndi makope anayi, VH, HI, LO ndi VL, kuyambira looneka bwino kwambiri mpaka losaoneka bwino, ndipo pulogalamu imasankha yokha. Mu Display Speed Settings mungaikakamize kutenga VH, koma pa laputopu yakale yogula pa kaunjika muzimva.

Mizere yopingasa pa PNG yomwe mwatulutsa imabwera chifukwa mapu aakulu amatulutsidwa m'zigawo, ndipo ma effect amaduka polumikizira. Lembani EXPORTSETMPPP pa command line, malo olembapo malamulo m'pulogalamuyi, musinthe 4000000 ikhale 40000000. Ziro mmodzi yekha, koma zigawo zimachepa kwambiri. Pulogalamu ikayamba kuzitsekera yokha, tsitsani nambalayo, 32-bit ija ili ndi malire.

Gombe lokhotakhota kwambiri likamachedwetsa zonse, lili ndi ma node (mfundo zomwe mzere umakhotera) ochuluka, lichepetseni ndi lamulo la SIMPLIFY mutasunga kaye kope lina la fayilo. Mabatani akaoneka tating'ono kapena osanjikizana, ndi Scale ya Windows, yesani 100% kapena 125%. Zonsezi zikakanika, tsitsani update yatsopano pa akaunti yanu ya ProFantasy n'kuiika pamwamba pa yakaleyo, imabwezeretsa mafayilo a pulogalamu omwe anasokonekera ndipo mapu anu siiwakhudza.